Maloko atatu a banki mkhonde

Amene anaganiza zoika maloko atatu pa bokosi la banki mkhonde ankamudziwa bwino munthu. Msodzi wa ku Msaka akagulitsa nsomba m'mawa, ndalama imamuyabwa m'thumba. Pofika Novembala, makoka akaletsedwa kuti chambo chiswane, watsala chimanjamanja. Sikuti ndi wopusa ayi, masamu amawatha, kungoti njala ya lero imakuwa kuposa ya mawa.

Richard Thaler, katswiri wa zachuma wa ku America, analandira mphoto ya Nobel mu 2017 chifukwa chofufuza zoterezi. Anthu amasunga zambiri ndalama zikamadulidwa asanazigwire m'manja.

Ndiye ine ndikuti magulu athu kuno ku Mangochi azitolera masheya pagombe pomwepo, nsomba zikangogulidwa, osadikira msonkhano wa Loweruka. Makiyi asunge anthu atatu, koma osati apachibale chonde!