Bizinesi yathu ya mapu inayambira pa mafayilo aulele

Anthu akamva zoti ifeyo timadyera mapu funso lawo limakhala limodzi, kodi mapuwo si ali kale mufoni? Nde ndimayamba kufotokoza kuti eya alimo, koma mapu a mufoniwo sangakuuzeni kuti ngalande iti yatsekeka, kamlatho kati kanagumuka chaka chatha, kapena kuti ana a dera lakuti amazungulira mtunda wautali bwanji popita kusukulu mvula ikagwa. Ntchito yathu ndi imeneyo. Pano tilipo anayi koma poyamba tinali awiri basi, ine ndi mnzanga yemwe tinaphunzira limodzi, ndi laputopu imodzi yomwe tinkachita kusinthana, wina masana wina usiku.

Mpamba wogulira zithunzi za m'mlengalenga kapena mapulogalamu odula aja tinalibe olo pang'ono. Chomwe chinatitsegulira khomo ndi data yomwe maboma anaganiza zongoyika poyera kuti aliyense atenge, ndipo apa sindikunena data ya bandulo ija ayi, ndikunena mafayilo osonyeza misewu, mitsinje, malire, kukwera ndi kutsika kwa nthaka, malo omwe pali nyumba, zimenezo. Masetilaiti a Landsat a dziko la America akhala akujambula dziko lapansi kuyambira 1972, ndipo kwa zaka zambiri zithunzizo ankagulitsa modula, mpakana mu 2008 pomwe bungwe la boma la America la USGS linangoti tengani ulele. Kenako a ku Ulaya anabwera ndi Sentinel-2, yoyamba inakwera mu 2015 yachiwiri mu 2017, kadontho kamodzi pa chithunzi chake kamayimira mamita 10 pansi ndipo malo omwewo imawajambulanso pakatha masiku asanu. Tsiku lomwe ndinachita dawunilodi chithunzi choyamba nkuchitsegula mu QGIS, yomwenso ndi pulogalamu ya mapu yaulele, ndinakhala phee kwa nthawi ndithu ndikungoyang'ana mtsinje mmene wakhotera, nyumba mmene zalowera m'chigwa. Ndinamuyimbira mnzanga uja usiku womwewo kuti aise, bwera mawa m'mawa, apa pali ntchito.

Kasitomala wathu woyamba inali komiti ya dera lina lotsika lomwe madzi amalowa m'nyumba chaka ndi chaka. Ankafuna mapu oti akawonetse ku khonsolo popempha ngalande, chifukwa akapita pakamwa pokha ankangouzidwa kuti tamva. Ife tinatenga data ya SRTM, iyi ndi ija chombo cha m'mlengalenga cha Endeavour chinayeza kutalika kwa nthaka ndi radar kwa masiku 11 mu February 2000, ndipo ya mamita 30 yokhudza Africa inatulutsidwa poyera mu 2014, kale konseko inkapezeka ya mamita 90 yokha. Ndi imeneyo kompyuta imatha kukuwerengerani kuti madzi akagwa apa atsetserekera uku, akumana ndi ena apo. Pamwamba pake tinayikapo mapu akale a ngalande omwe ofesi ina ya boma inatipatsa, tinasindikiza pa pepala lalikulu, tinanyamuka kupita ku msonkhano mitima ili m'malo kuti tagwira ntchito.

Pepalalo tinaliyala patebulo, anthu anazungulira. Panali agogo ena aakazi omwe sanayankhule kanthu poyamba, anangoweramira pepalalo nkumatsata mzere wabuluu ndi chala pang'onopang'ono. Kenako anadzutsa mutu nkundifunsa kuti, mwana wanga, ngalande iyi mwayidutsitsa kuseri kwa sukulu bwanji, pomwe iyo imadutsa kutsogolo, mmunsi mwa mtengo waukulu uja? Ndinati agogo, mapu a boma akusonyeza choncho. Iwo anangoti tiyeni mukaone. Tinatuluka tonse, tinayenda, ndipo ngalande inalidi pomwe ananenapo, yodzadza mchenga ndi mapepala apulasitiki, kutali ndi mzere wathu uja pafupifupi mamita 200.

Usiku umenewo sindinagone bwino. Vuto tinalipeza mawa lake, mapu akale aja anajambulidwa pa muyezo wakale wa dziko, umene akatswiri amati datum, pomwe GPS ndi zithunzi za setilaiti zimayendera muyezo wina wotchedwa WGS 84, ndiye ukangosanjikiza ziwirizi osasintha kaye muyezowo chilichonse chimasuntha, msewu umalowa m'munda, ngalande imakwera pakhonde la munthu. Fayilo ija inabwera yopanda kalikonse kofotokoza kuti inapangidwa liti komanso pa muyezo uti, ndipo ifenso sitinafunse, kulakwa kumeneko kunali kwathu. Tinakonza, tinabwereranso kuderako masiku atatu tikuyenda ngalande iliyonse ndi foni m'manja, agogo aja ndi anyamata awiri akutitsogolera, akutionetsa pomwe madzi amayambira kusefukira, pomwe munthu wina anamanga mpanda nkutseka njira ya madzi, pomwe ana amawolokera pa thabwa. Zonsezi mu SRTM simungazione, kangalande ka mita imodzi sikangaoneke pa kadontho ka mamita 30. Kuyambira pamenepo palibe mapu omwe amatuluka muofesi mwathu tisanakapondepo ndi mapazi, ndipo kunena zoona chomwe makasitomala amatilipira ndi kuyenda kumeneku, poti fayiloyo aliyense atha kuyitenga.

Foni yomwe tinkayenda nayoyo nayonso ndi nkhani ya boma kutsegula dzanja, anthu ambiri sadziwa. GPS ndi ya asilikali a America, ndipo kale ankachita kuyisokoneza dala kuti anthu wamba isamawalozere malo molondola, inkatha kuphonya ndi mamita 100. Mu May 2000 pulezidenti Bill Clinton analamula kuti kusokonezako kuthe. Popanda chimenecho ntchito ngati yathuyi bwenzi ikufuna makina odula omwe ife sitikanawakwanitsa.

Ntchito yomwe inatidziwitsa kwa anthu ndi ya maminibasi. Aliyense wokwera amadziwa ya kwawo yokha, koma mzinda wonse palibe amene anali ndi chithunzi chake, kuti njira zilipo zingati, zimakumana pati, dera liti munthu amayenera kukwera kawiri kapena katatu kuti akafike kuchipatala. Nzeru tinaitengera kwa anzathu a ku Nairobi, a Digital Matatus, komwe ophunzira a University of Nairobi mothandizana ndi a mayunivesite a ku America a MIT ndi Columbia anakwera matatu, maminibasi a kumeneko, ndi mafoni nkujambula njira zonse, mapu ake anatuluka mu 2014. Ifenso tinachita chimodzimodzi, kukwera kuyambira koyambira mpaka kothera, foni ikulemba njira, ife tikudina paliponse pomwe yayima kutsitsa kapena kukweza munthu. Makondakitala ena ankatikayikira kuti mwina tatumidwa kudzawatchera msampha, ndiye tinaphunzira kuyamba takambirana ndi akuluakulu a pasiteji, kuwaonetsa pafoni chomwe tikulemba kuti mulibe nambala ya galimoto kapena dzina la munthu. Dalaivala wina wachikulire ataona mzere wa njira yake pa sikirini anaseka nkuti achimwene, apa mwalakwitsa, madzulo sitidutsa apa chifukwa cha mdipiti wa magalimoto, timakhotera uku. Tinakweranso madzulo, zinalidi choncho.

Zonsezo tinaziyika mu GTFS, kalembedwe ka data ya mabasi komwe kanayambira ku Portland mu 2005, bungwe la zamaulendo la TriMet litagwirizana ndi Google. Ndi timafayilo ta mawu wamba tomangidwa pamodzi, kena ka masiteji, kena ka njira, kena ka nthawi. Povuta pake mpoti kanapangidwira mabasi oyendera wotchi, pomwe minibasi imanyamuka ikadzadza, nde umayenera kukhala pasiteji ndi kope nkumawerenga kuti pa ola limodzi zanyamuka zingati, m'mawa, masana, madzulo, kenako nkulemba ngati kuti imabwera pakatha mphindi zakuti. Ntchito yotopetsa koma mapeto ake wokonza mzinda amatha kufunsa kompyuta kuti ndi anthu angati omwe angafike kuchipatala pasanathe ola limodzi, nkuona madera omwe atsalira.

Pali chinthu chimodzi chomwe chimandipweteka mtima mpaka lero. Maofesi ambiri data ali nayo, yabwinonso, yomwe inasonkhanitsidwa ndi ndalama za misonkho ya anthu omwewa, koma ili mu kompyuta ya munthu mmodzi kapena mu kabati. Kwina tinalemba kalata, tinapita kasanu, mathero ake anatipatsa PDF, chithunzi chabe cha mapu chomwe sungachite nacho masamu aliwonse, mnzanga anakhala sabata yathunthu akujambulanso mzere uliwonse pamanja. Sindikuti anthu a m'maofesiwo ndi oyipa, ena amaopa kuti zolakwika za mu data yawo zionekera, ena palibe lamulo lowauza kuti akhoza kupereka ndiye amangoti bola kukana. Koma zolakwikazo zimapezeka ndi kukonzedwa pokhapokha anthu ambiri akaziona. Ku Britain komwe Steve Coast anayambitsa OpenStreetMap mu 2004, mapu aulele a pa intaneti omwe aliyense atha kujambulapo, chifukwa china chinali choti mapu a Ordnance Survey, bungwe la boma lojambula mapu, anali ogulitsa ndi malamulo okhwima, anthu anangoyamba kujambula okha, ndipo pofika 2010 bungwelo linatsegula ena mwa mapu ake kuti akhale aulele. Ine chomwe ndimapempha sichambiri, ikani fayilo yeniyeni osati chithunzi, lembani deti, lembani datum, lembani layisensi kuti munthu adziwe ngati akuloledwa kuchitira bizinesi.

Komanso si chilichonse choyenera kuyikidwa poyera, izi timazisamala kwambiri. M'madera omwe anthu anamanga opanda mapepala, mapu omwewo omwe angabweretse mpopi wa madzi athanso kubweretsa chigalimoto chogumula nyumba. Ndiye tisanajambule timakhala pansi ndi eni dera, kugwirizana kuti izi zituluke izi zikhale zawo. Misewu, ngalande, mipopi, malo otayira zinyalala timaziyika pa OpenStreetMap kuti wina asadzavutikenso ngati ife, layisensi yake ya ODbL imangofuna kuti utchule komwe watenga ndipo ukawonjezera pa datayo nkuyitulutsa ugawanenso ndi ena. Koma dzina la mwini nyumba, kapena kuti m'nyumba muno mumakhala mayi yekha ndi ana, zimenezo sizituluka, olo kasitomala atalimbikira bwanji. Kontirakiti ina tinaisiya chifukwa cha nkhani yomweyi, mwezi umenewo unali wowawa koma sindidandaula.

Ena amatifunsa kuti mukagawa ulele ndiye mudya chani. Makasitomala athu ndi makomiti a m'madera, mabungwe omanga zipatala ndi masukulu, kampani yotolera zinyalala yomwe inkafuna njira zosawononga mafuta, nthawi zina khonsolo imene. Onsewa safuna fayilo, amafuna yankho loti timange pati, tidutse kuti, tiyambire dera liti, komanso munthu woti akafunsidwa anene kuti ndinapitako ndinaona ndi maso. Miyezi ina kumakhala zii, miyezi ina timachita kukana ntchito.

Ngalande ya dera lija inakumbidwa mbali imodzi, mbali ya kumunsi sinathe mpaka pano. Sabata yamawa tikubwererako ndi atsikana awiri a komweko omwe tikuwaphunzitsa kujambula ndi foni, tikayeze pomwe madzi anafika mvula yapitayi, zizindikiro zake zikadaoneka pa makoma. Agogo aja atumiza kale uthenga kuti tibwere ndi pepala lalikulu lija, pali kanjira kena kamadzi komwe sitinakalembe.