Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Minsi ya ku Ita Thao

Zikomo nonse amene mwakhala mukundikumbutsa kuti ndipitirize. Paja tinalekezera pomwe achemwali anandiimbira foni usiku, ine ndili kusukulu ku Taichung, m'dziko la Taiwan, kundiuza kuti amayi atisiya. Munali mu Okutobala 2007. Kumaliro sindinapite. Amalume aja mpaka lero amauza anthu kuti ndinasankha sukulu n'kutaya mayi wondibala, koma sanandifunsepo kuti tikiti ya ndege inali ndalama zingati, kapena kuti thupi likanandidikira bwanji ndi kutentha kwa ku Nkhotakota kuja. Ndanena kamodzi, sindibwerezanso.

Nditabindikira m'chipinda masabata atatu, mnzanga wa ku Swaziland uja anachita kundikoka kuti tikaone Sun Moon Lake, ku Nantou. Titatsika basi ndinaseka koyamba chimwalirire amayi. Ati nyanja, tsidya lina likuoneka bwinobwino! Koma ndisaname, malowo ndi okongola. Madzi ali phee pakati pa mapiri, mamita 748 kuchokera pomwe nyanja yamchere imalekezera, nkhungu ikukwawa pamwamba pake.

Boti linatidutsitsa pafupi ndi kachilumba ka Lalu. Alendo saloledwa kupondapo, chifukwa anthu a mtundu wa Thao, eni nyanjayi, amati mizimu ya makolo awo imakhala pamenepo. Kale kanali kakakulu, koma mu 1934 Ajapani atamaliza damu la magetsi madzi anakwera n'kumiza midzi ndi minda, anthu n'kusamutsidwa. Chivomerezi cha mu 1999 chinadzagumulanso mbali ina. Boma la Taiwan linawavomereza a Thao ngati mtundu pawokha mu 2001, ndipo onse pamodzi sakwana 1,000. Mtundu wathunthu, kuchepa kuposa mpingo wa kwathu pa Khirisimasi.

Pamudzi wawo wa Ita Thao, sitolo iliyonse inali ndi tiziboliboli ta kadzidzi. Ine thupi linachita tsemwe, mukudziwa zomwe timaganiza kadzidzi akalira padenga. Kwa iwo ndi mbalame ya mwayi, yolengeza kuti mayi wina ndi woyembekezera.

Kenako ndinamva kugunda. Anthu atazungulira mwala wafulati, aliyense ndi munsi wake, ina yaitali kuposa munthu, ina yaifupi, uliwonse ndi liwu lakelake. Ankagunda molandizana mpaka kugundako kunasanduka nyimbo. Ndikudziwa kuti ankachitira ife alendo, anzanga anali kalikiliki kujambula. Ine ndinangoona amayi kuseri kwa khitchini m'mamawa, chitenje atamanga m'chiuno, akusinja ndi achemwali mumtondo umodzi, uyu akakweza uyu n'kutsitsa, gaga ali mbuu m'manja. Ndinamva ngakhale kakhosomo kawo kaja popeta. Misozi imene inakana kutuluka usiku wa foni uja inatulukira pamenepo, pagulu, mamina ndi zonse. Miyendo inafooka, ndinakhala pansi.

Gogo wina wogulitsa pafupi anabwera ndi kakapu ka mowa wawo wa mawere, nandigwira paphewa. Zimene ananena sindinamve. Ndinangoti, "Zikomo agogo," m'Chichewa, iwo n'kugwedeza mutu. Inu amene munandinena kuti mkhristu sakhudza mowa, inde ndinamwa, kakapu konse.

Ndinabwerera ku Taichung ndikuganiza kuti zowawa zatha. Pa 14 Januwale 2008 tinamva kuti Malawi wathetsa ubale wake ndi Taiwan, womwe unayamba mu 1966, n'kupalana ubwenzi ndi China. Zomwe zinatichitikira ife ophunzira ndidzafotokoza m'gawo 10.