Mbiri ya bizinesi yathu: ndodo zowedzera ndi mphete zake

Ntchito yathu yopanga ndodo zowedzera nsomba inayamba ndi kukonza ndodo za eni ake. Ku Chipata kuno kulibe nyanja, koma okonda kuwedza alipo ambiri ndithu: ena amakhala tsiku la Loweruka padamu la Lutembwe kapena la Apollo, pamene ena amapita mpaka ku Mfuwe kapena ku Luangwa Bridge kukafuna tigerfish ndi milamba ikuluikulu mumtsinje wa Luangwa. Ndodo zimene anthuwa amagula zimachokera kunja, ndipo kawirikawiri chimene chimayamba kuwonongeka ndi mphete zimene chingwe chimadutsamo. Mphete imodzi ikang'aluka, mwini wake ankasiya ndodo yonse pakona kapena kumangapo waya ndi mphira ya njinga, waya uja n'kumadya chingwe mpaka nsomba kuthawa ndi mbedza. Ine ndi mng'ono wanga tinayamba kusintha mphete zoterezi m'kachipinda kuseri kwa nyumba, ndipo anthu ataona kuti ndodo zokonzedwazo zikuponya bwino kuposa mmene zinalili zili zatsopano, anayamba kutipempha kuti tiwapangire zawozawo kuyambira pachiyambi.

Ndodo yeniyeniyo, ya graphite kapena ya fibreglass, timaigula isanamangidwe kanthu, chifukwa imeneyo ndi ntchito ya fakitale. Chathu ndi chogwirira, pokhala reel (chipangizo chokulungira chingwe) ndi mphete, ndipo pa zitatuzi mphete ndizo zimatitengera nthawi yaitali yokambirana ndi kasitomala. Tisanaitanitse kanthu timamufunsa reel imene adzagwiritse ntchito, mtundu wa chingwe chake ndi madzi amene amawedzako. Bambo amene amawedza tinsomba ta padamu ndi chingwe cha nayiloni sayenera kulipira mphete zofanana ndi za munthu amene akukalimbana ndi tigerfish ndi chingwe choluka cha braid.

Mphete iliyonse ili ndi chitsulo chakunja chimene chimaima pandodo, ndi kamkombero kamkati kosalala kamene chingwe chimakhuza. Kamkombero kameneka ndiye mwini nkhani. Madzi a Luangwa amakhala ndi matope komanso mchenga wosalala, ndipo chingwe cha braid chimanyamula mchengawo pobwerera ku reel. Mphete ikakhala yachitsulo chofewa chokhachokha, chingwe chimakumbamo kangalande monga mmene chingwe cha pachitsime chimadyera mtengo wa pakamwa pa chitsimecho, ndipo kangalande kameneko ndi kamene pambuyo pake kamadula chingwe. N'chifukwa chake timamanga za mkombero wouma. Za aluminium oxide ndi zotsika mtengo ndipo zimakwanira bwino pa nayiloni. Za Alconite, zimene imapanga kampani ya Fuji ya ku Japan, ndi zopepuka komanso zosalala kuposa zoyambazo, ndipo ndi zimene timaika pandodo zambiri za braid. Pamwamba pake pali za silicon carbide, zouma kwambiri komanso zotaya kutentha msanga nsomba ikamathamanga ndi chingwe, koma mtengo wake ndi wokwera ndipo zikagunda pamwala zimatha kung'aluka. Nthawi zambiri timalangiza kasitomala kuti silicon carbide aiike kunsonga kokha, kumene chingwe chimapinda ndi kukhuza kwambiri, kwinako kukhale Alconite.

Ena amabwera ataona pa intaneti mphete za chitsulo cha titanium n'kumafuna zimenezo basi. Ndi zabwino, sitikana, koma ubwino wake waukulu ndi kusachita dzimbiri m'madzi amchere, pamene ife kuno timawedza m'madzi opanda mchere. Chimene chimapha mphete kwathu ndi ulendo: ndodo imagona kumbuyo kwa galimoto pamodzi ndi migomo ndi matumba a makala, n'kumagundana nazo njira yonse. Choncho timasankha stainless steel yolimba, ndipo mphete ziwiri kapena zitatu zoyambirira zapandodo yolemera timaika za miyendo iwiri. Chakunsonga timaika za mwendo umodzi, popeza kulemera kulikonse kumene mwawonjezera kumeneko kumachititsa ndodo kunjenjemera mukaponya, ndiponso dzanja silimva msanga nsomba ikagwira nyambo.

Kukula kwa mphete kumawerengedwa m'mamilimita. Pa reel ya spinning, imene imalendewera kunsi kwa ndodo, chingwe chimatuluka chikuzungulira, motero mphete yoyamba iyenera kukhala yaikulu ndi yaitali miyendo, monga ya 25 kapena 30, kuti ilandire chingwecho chisanamenye ndodo. Zotsatira zimacheperachepera, 16 kenako 10, mpaka chingwe chitawongoka, ndipo zotsalazo zimakhala zofanana kukafika kunsonga. Pa reel ya baitcaster, imene imakhala pamwamba pa ndodo, mphete nazonso zimakhala pamwamba, zazing'ono ndi zazifupi, koma zimafunika zochulukirapo kuti chingwe chisagone pandodo ikapinda. Masiku ano kwabwera timphete tating'onoting'ono ta mamilimita 4 kapena kucheperapo, ndipo pa ndodo za ku Luangwa ife sitimanga timeneti. Wowedza tigerfish amalumikiza braid ndi chingwe chokhuthala chakutsogolo, ndipo mfundo yolumikizirayo imakodwa m'timphete totere. Kuwonjezera apo ndere za m'madamu athu zimatseka timphete timeneti. Timaima pa mphete za mamilimita 7 kapena 8, ngakhale ndodo ilemereko pang'ono. Waya wa kumbedza, umene umateteza chingwe ku mano a nsombayi, timawachenjeza eni ndodo kuti asaukokere m'mphete ya kunsonga, chifukwa ndi mmene mikombero yambiri imaswekera.

Ndodo ya mamita 2.1 imafuna mphete 7 kapena 8, osawerengera ya kunsonga, koma malo ake enieni sitiwatenga papepala. Timayamba tazimata ndi tepi, kulowetsa chingwe, kuchimanga kuchigubu cha madzi cha malita 5, kenako mmodzi amakweza ndodo pang'onopang'ono mnzake ataima pambali kuyang'ana. Chingwe chiyenera kutsatira kupinda kwa ndodo bwinobwino. Pamene chakhota mwadzidzidzi kapena chakhuza ndodo, timasuntha mphete ndi kutalika kwa chala chimodzi n'kuyesanso, ndipo tikakhutira timapita pabwalo kukaponya tisanamange kanthu. Pomanga timayamba tapala mwendo wa mphete ndi tupa kuti ukhale wopyapyala kumapeto, apo ayi ulusi sukwera bwino ndipo chitsulo chakuthwa chimakanda ndodo. Ulusi wa nayiloni timaukulunga mothinana, kenako timapaka guluu wa epoxy wosakaniza mbali ziwiri zofanana, ndodo n'kumazungulira pakamota kwa maola angapo kuti epoxy asadonthere mbali imodzi. Magetsi akathima timaitembenuza ndi manja mosinthana, mawindo ali otseka chifukwa cha fumbi.

Mphete timaitanitsa ku Lusaka, ndipo zina zosowa zimachokera ku Johannesburg. Zabodza zolembedwa dzina la kampani yodziwika zilipo pamsika, choncho phukusi likafika timayesa iliyonse podutsitsa kathonje mkati mwake: thonje likakodwa, ndiye kuti mkombero uli ndi mng'alu umene diso silinaone, ndipo mphete imeneyo sitiimanga. Mayeso omwewa timawaphunzitsa aliyense wotenga ndodo kwa ife kuti aziwachita akabwera ku ulendo. Ntchito imatichulukira kuyambira pa 1 Disembala mpaka kumapeto kwa Febuluwale, pamene boma limaletsa kugwira nsomba kuti ziswane, chifukwa ndi nyengo imene anthu amabweretsa ndodo zawo kuti zikonzedwe. Amene akufuna ndodo yatsopano ya mu Malichi timawapempha kubwera mu Novembala atanyamula reel yawo ndi chingwe chimene adzawedzere, kuti tiitanitse mphete zoyenera nthawi ikadalipo.