Dotolo wa mbewa

Nditangotsika chapa pa Ulongwe, malume anandifunsa chimene ndakhala ndikuphunzira zaka zonsezi. Ine pakamwa pangapa: "Miluza ya mbewa, malume." Pofika madzulo mudzi wonse unali utamva kuti kwabwera dotolo wa mbewa. Unali mwezi wa Julaye, chimanga chili m'nkhokwe, ndiye kutacha anangondipatsira khasu.

Kumunda anyamata anapeza una n'kuyamba kukumba. Ine anandiika pa mbuli, potulukira mbewa zikapanikizika. "Adotolo, ikangotuluka muimbwandire."

Ndikanangokhala chete bwenzi zitatha bwino. Koma malume anafunsa kuti m'mimba mwa mbewa muli chiyani chodyera fizi. Basi mutu unakula. Ndinasolola ulusi wa juzi langa n'kuukulunga pa chitsononkho. Ndinati DNA, yomwe imasunga malangizo a chibadwa, ndi ulusi wautali zedi, ndipo kuti ukwane m'selo umazengezedwa pa timapuloteni totchedwa histone, tisanu ndi titatu pamfundo iliyonse: H2A, H2B, H3 ndi H4, tiwiritiwiri, zilembo za DNA 147 n'kuzungulira pamenepo. Koma DNA ya mbewa yamphongo imafika m'dzira la yaikazi itamangidwa thi ndi zina, ma protamine. Dzira limachotsa zimenezo n'kuikapo histone za mayi, makamaka mtundu wa H3 wotchedwa H3.3.

Malume anaimika khasu. "Ukuti mwamuna akafika, mkazi amamuvula zakwawo n'kumuveka zapakhomopo?"

"Eya, malume."

"Aaa, chikamwini chimenecho! Mpaka kukwera nazo basi?"

Anyamata anafa nalo phwete. Ine osagonja. Ndinati poyamba ulusiwo umakhala womasuka, ndipo mluza ukangogawika kukhala maselo awiri umayamba kuwerenga majini akeake, malangizo a mu DNA aja, osadaliranso kamba wa mayi. Manja onse awiri anali m'mwamba, kwina ulusi, kwina chitsononkho. Pa mbuli panalibe munthu.

Zinatuluka zisanu, motsogozana ngati zikupita ku tchalitchi. Zinayi zinalowera kutchire. Yachisanu inaona mwendo wa buluku langa n'kuuyesa una watsopano.

Abale, ngoma ndinaivina popanda chishango. Ndinalumpha, ndinadzimenya ntchafu, ndinaitana amayi anga dzina lakubadwa. Buluku ndinalivula pomwepo, azimayi atatu ochokera kudambo ataima ndi ndowa pamutu. Mmodzi anachita kutula kaye kuti aseke bwino.

Madzulo nsima inali ya mfutso. Malume anandikankhira mbale: "Idyani adotolo, odwala anu athawa onse."