Mmene ndimagulira chithunzi cha minimalist chosindikizidwa pa aluminiyamu

Chithunzi cha mtundu umenewu chimangokhala ndi mzere umodzi kapena iwiri, kwinaku malo opanda kanthu. Cholakwika chilichonse chimaonekera pamalo opanda kanthuwo, ndiye ndisanafunse n'komwe za mtengo ndimayamba ndafunsa za chitsulocho.

Osindikiza ena amagwiritsa ntchito njira ya dye sublimation: inki imatenthedwa pafupifupi madigiri 200 n'kulowerera mu utoto wapadera wopakidwa pa aluminiyamu wopyapyala, wongopitirira pang'ono milimita imodzi. Ena amasindikiza pamwamba penipeni ndi inki youmitsidwa ndi kuwala kwa UV, pa bolodi la mamilimita 3 monga Dibond, lomwe ndi aluminiyamu uku ndi uku, pulasitiki pakati. Ngati pachithunzipo mtundu ukumka nuchepa mphamvu pang'onopang'ono kuchokera mbali ina kupita ina, ine ndimasankha njira yoyambayo.

Pamene ambiri amakhumudwira ndi pa chitsulo cha brushed, chomwe ndi aluminiyamu wopalidwa timizere. Nthawi zambiri inki yoyera saikapo, ndiye paliponse pamene pafunika kuyera pamaoneka chitsulo chotuwa chokhala ndi timizere take. Chithunzi chikakhala choyera kwambiri, ndimaitanitsa chitsulo chopakidwa kale zoyera, komanso cha matte, kutanthauza chosanyezimira. Chonyezimira chimaonetsa zenera, getsi ndi nkhope ya woonerayo pamalo amene wojambula anafuna kuti pasakhale kanthu.

Kenako kukula. Cha masentimita 60 ndi 90 chimafuna fayilo ya mapikiselo (timadontho topanga chithunzi pa kompyuta) pafupifupi 3,500 ndi 5,300. Ikachepera, mzere wopyapyala umatuluka wamanomano. Ndimapemphanso kuona mmene adulire m'mbali, chifukwa akadula mbali imodzi yokha, mzere uja umasuntha pamalo pake.

Ngati ndi ntchito ya wojambula wodziwika, ndimafunsa za chilolezo. Mwachitsanzo, Agnes Martin, wojambula wodziwika ndi zithunzi za mizere, anamwalira mu 2004, ndipo m'mayiko ambiri lamulo limateteza ntchito ya munthu mpaka zaka 70 atamwalira.

Chikafika, ndimayamba ndayang'ana makona onse anayi ndisanataye katoni, poti kona yopindika siwongokanso bwino. Ndimachipendeketsa pa kuwala kuti ndione ngati chakalika kapena pali timadontho ta fumbi. Kumbuyo kumakhala felemu yochitalikitsa pang'ono ndi khoma. Ndimakhoma masikuluwu awiri, n'kuyeza ndi levulo. Ndimachipachika posawomba dzuwa mwachindunji, ndipo popukuta ndimangogwiritsa ntchito kansalu kofewa konyowa pang'ono.