Ndinalowa m'fiyeta kwaya ili m'khutu

Chotupa cha m'mphechepeche ndinakhala nacho zaka ziwiri ndikuchibisa. Ndikanyamula katundu wolemera chinkatuluka, ndikagona chagada chinkabwerera chokha, ndiye ndinkadzinamiza kuti si matenda. Dokotala atandiyeza anati ndi hernia, kutanthauza kuti kachigawo ka matumbo kakusuzumira pamalo pamene minofu ya pamimba yafooka, ndipo palibe mankhwala akumwa oti n'kutseka bowolo. Tsiku lina matumbowo atha kupanikizika osabwereranso, pamenepo zimasanduka zothamangira usiku. Anandipatsa tsiku la opaleshoni. Ndinakwera kombi yobwerera kwathu ku Mufakose, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, ndili duu, mpaka kondakitala anachita kundigwedeza paphewa kuti ndilipire.

Bambo anga anachoka ku Dedza m'nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo anatilera ndi mawu oti mwamuna salira. Kulira sindinalire, koma tulo tinathawa. Ndikangotseka maso ndinkaona mpeni. Nditapita kukayezedwa magazi, BP yanga, imene masiku onse imakhala bwinobwino, inapezeka itakwera, ndipo namwino anandichenjeza kuti ikakwera kwambiri pa tsikulo akhoza kundibweza. Ndiye mantha anasanduka awiri, oopa mpeni ndi oopa kubwezedwa chifukwa cha mantha omwewo.

Mwana wanga wamkazi ndiye anabwera ndi nzeru ya nyimbo. "Ababa, zaka zonsezi mwakhala mukuimba besi m'kwaya ya CCAP. Bwanji osapita nayo kwayayo kuchipatala?" Ndinaseka poyesa nthabwala. Iye anandiwerengera pafoni zimene magazini ya madokotala yotchedwa The Lancet inasindikiza mu 2015. Akatswiri a ku London anasonkhanitsa kafukufuku 73 wokhudza odwala pafupifupi 7,000, napeza kuti amene anamvetsera nyimbo pa nthawi ya opaleshoni nkhawa yawo inachepa, ululu unachepa, ndipo mankhwala opha ululu anawafuna ocheperapo. Ngakhale ogonetsedwa tulo tofa nato anapindulako, ngakhale mocheperapo. Masiku ogona m'chipatala okha ndiwo sanasinthe. Mfundo yomalizayi ndi imene inandichititsa kukhulupirira, chifukwa wotsatsa mankhwala abodza savomereza kuti pali chimene mankhwala ake salimbana nacho.

Zimene ndinachita ine si chithandizo cha nyimbo chenicheni, chimene amachipereka ndi munthu woti anachiphunzira, wokhala pansi ndi wodwala n'kumaimba naye kapena kumusankhira zoyenera. Changa chinali kumvetsera chabe, foni ndi mahedifoni basi.

Choyamba chinali kupempha chilolezo, ndipo malo ake opemphera ndi pamene ukuonana ndi dokotala wogonetsa opaleshoni isanafike. M'mawa wa tsikulo aliyense amakhala pakalapakala, palibe angaime kumva za nyimbo. Dokotalayo anandifunsa za mankhwala amene ndimamwa, ngati ndimasuta, ngati ndili ndi mano ovula, kenako anati andibaya jakisoni wa pamsana. Jakisoniyu amabayidwa kumunsi kwa msana, ndipo amachititsa dzanzi kuchokera cha pamchombo kutsika mpaka kumapazi. Mutu umakhala maso, makutu akumva zonse. Apa m'pamene ndinatulutsa pempho langa, mwamanyazi ngati mwana wopempha shuga. Anayankha m'Chishona kuti palibe vuto, baba, koma anaika malamulo ake: khutu limodzi likhale lotsegula kuti ndizimumva akandifunsa, mawu asakwere kwambiri, foni ikhale yotsekedwa netiweki, ndipo aisunge ndi namwino cha kumutu kwanga. Ndinapempha kuti alembe pa fayilo yanga, analemba. Chipatala chilichonse chili ndi malamulo ake, ena amakana foni m'fiyeta, ndiye akakana usakangane nawo, udzamvetsere m'wodi podikira ndi pobwerako.

Za khutu limodzizi mwana uja anadzapeza kuti si zongopeka. Mu 2019 madokotala a pa University of Pennsylvania anayerekeza nyimbo ndi midazolam, mankhwala okhazika mtima pansi amene amabaya asanayambe ntchito, pa odwala 157. Nkhawa inatsika pafupifupi mofanana mbali zonse, koma ovala mahedifoni otseka makutu onse kulankhulana ndi madokotala kunavutirapo.

Kusankha nyimbo ndiko kunanditengera masiku atatu, ndipo ndi pamene ndinaphunzira zambiri. Mayi a kunyumba, mwa chikondi chawo, anasonkhanitsa nyimbo za m'buku zimene amayi a chigwirizano amaimba mokoka, mwachifatse. Ndinayesa kumvetsera usiku ndili chigonere. Yachiwiri isanathe ndinali nditaona bokosi langa likutuluka pakhomo. Pafupifupi zonse zinali zimene timaimba pa siwa, moto ukuyaka panja, ndi potsitsa thupi m'manda. Ndinadzuka thukuta lili kamukamu.

"Mayi, kodi mukundiperekeza kuchipatala kapena kumasano?"

"Aa, bambo, si za Mulungu zomwezi?"

Za Mulungu inde, koma nyimbo imanyamula malo amene unaimvera. Akatswiri aja a mu The Lancet anati mtundu wa nyimbo susintha zambiri. Pa gulu la anthu zikwi zingapo mwina n'zoona, koma iwowo sanagonepo pa siwa ku Mufakose. Ndinachotsa zonse za maliro. Ndinachotsanso sungura, ngakhale ndimaikonda, chifukwa gitala yake imathamangitsa mwendo ndipo mtima umatsatira. Amalangiza nyimbo zoyenda pa liwiro la kugunda 60 mpaka 80 pa mphindi, lofanana ndi mtima wa munthu amene akupuma. Ine ndinkangoika chala pamkono n'kumamva ngati nyimbo ikuyenda limodzi ndi mtsempha kapena ikuutsogolera. Zinatsala khumi ndi ziwiri: za Khirisimasi, za ukwati, ndi zina zimene kwaya yathu inajambula pafoni pokonzekera. Izi ndizo zinapambana, chifukwa mzere wa besi ndimaudziwa mpweya ndi mpweya.

Tinazitsitsira m'foni momwemo kuti zisadalire intaneti, n'kuitchaja magetsi asanazime. Usiku womaliza ndinatsatira lamulo la kusala, chakudya maola 6 opaleshoni isanayambe, madzi oyera mpaka maola 2. Njala sinandivute.

Chovuta chinali kudikira. Anandivula zovala zanga n'kundipatsa mkanjo wotsegula kumbuyo uja, wochotsa ulemu wa munthu wamkulu, anandimeta, anandiika diripi, basi n'kundisiya. Pa bedi loyandikana nalo panali mkulu wina wa ku Mbare amene atamva kalankhulidwe kanga anayamba kunditchula achimwene, n'kundisimbira za m'bale wake amene sanadzuke. Ndinavala mahedifoni mokhala ngati mwano. Mantha akagwira munthu, thupi limatulutsa adrenaline, mtima umathamanga, mitsempha imafinyika, mpweya umakhala wapamwambamwamba. Ine sindinalimbane ndi zonsezo. Ndinangoyamba kutsatira mzere wanga wa besi chamumtima, kukoka mpweya pamene timakokera, kuutulutsa pang'onopang'ono mpaka kumapeto a mzere. Woimba amapuma motalika asakudziwa. Namwino atabwera kudzayeza BP anagwedeza mutu n'kulemba, osanena za kundibweza.

M'fiyeta mumazizira, ndipo nyali zake zimawala ngati masana a mu Okutobala. Pobaya jakisoni wa pamsana anandivula mahedifoni onse, chifukwa pamenepo umafunika kumva malangizo: khala pansi, werama, kumbatira pilo, usagwedezeke. Panaluma ngati njuchi, kenako miyendo inayamba kutentha ndi kulemera ngati matumba a simenti. Dokotala anandikhudza ndi kanthu kozizira pamimba n'kumafunsa ngati ndikumva. Atakhutira anatchinga nsalu pachifuwa panga kuti ndisaone, namwino n'kundiika hedifoni kukhutu lamanzere.

Musanamizidwe kuti mantha anatheratu. Khutu lamanja linkamvabe zitsulo zikugundana, kamakina koyeza mtima kakulira pii pii, ndi madokotala akukambirana zawo. Panamveka kafungo konga ka nyama yopserera pamene ankawotcha timitsempha kuti magazi asiye kutuluka, ndipo ndinkamva kukokedwa, kopanda ululu koma kodabwitsa. Nthawi iliyonse mtima ukafuna kuthawira kumeneko, kumanzere kunali mawu a anzanga oimba nawo, mpaka chifuwa cha mkulu wina amene amatsokomola nthawi zonse tisanayambe ndime yachiwiri. Ndinagwira pamenepo ngati wowoloka mtsinje wagwira chingwe. Pakati pa ntchito dokotala wogonetsa anawerama n'kundiuza kuti nditsitseko mawu. Kani ndinali ndikung'ung'udza besi mokweza, mimba n'kumagwedezeka pamene anzake akusoka.

Ndili chigonere m'wodi madzulo ake, mwana uja anandiuza kuti nzeruyi ndi yakalekale. Mu 1914 dokotala wina wa ku America, Evan O'Neill Kane, analemba kuti ankaliza galamafoni m'fiyeta kuti odwala akhazikike. Mkulu yemweyo mu 1932, ali ndi zaka 70, anadzichita yekha opaleshoni ya hernia. Ndinati ameneyo mutu wake sunali bwino, ndipo kuseka kunandikumbutsa kuti ndili ndi ulusi pamimba.

Dzanzi litatha usiku, ululu unabwera weniweni, ndipo ndinaitana namwino kuti andipatse mankhwala. Nyimbo sizilowa m'malo mwa jakisoni, ndipo palibe chamuna pa kubisa ululu, chifukwa wobisa ululu amaopa kutsokomola ndi kuyenda, pamene kuyenda msanga ndiko madokotala amafuna. Ntchito ya nyimbo inali kudzaza mphindi zodikira kuti mankhwala agwire, ndi kutseka mkonono wa m'wodi.

Cha m'ma 2 koloko usiku ndinamva wina akundikoka bulangeti. Anali mkulu wa ku Mbare uja, amene opaleshoni yake inali ya m'mawa mwake. Maso ali tong'o, nkhani za m'bale wake zitamuthera.

"Achimwene, tandibwerekeniko khutu limodzi."

Ndinamupatsa la kumanja, chingwe chili tang'a pakati pa mabedi awiriwo. Chichewa sankachimva kwenikweni, koma nyimbo yachitatu isanathe anali akuliza mkonono kuposa onse.