Lachitatu ku Makata: chasisi yopindika ndi moto wa gasi

M'mawa wa lero mu shopu mwalowa lole yomwe chasisi yake inapindika pa zitunda za msewu wa ku Chikwawa. Anyamata anali atakoka kale mabotolo a gasi kuti awotche mbali yopindikayo mpaka ifiire, kenako aiwongole ndi jeke. Amisiri aakulu awaletsa: "Dikirani kaye achimwene, tione pepala la chitsulochi." Pepalalo lalembedwa S700MC, dzina la mtundu wa chitsulocho, ndipo ntchito yonse yasintha pomwepo.

Chitsulo cha S700MC chimapirira mphamvu ya 700 MPa (megapascal, muyezo wa kulimba kwa chitsulo) chisanayambe kupindika, chonsecho kaboni wake saposa 0.12%. Mphamvuyo imachokera makamaka ku zitsulo zosakanizamo pang'ono, niobium (Nb), titanium (Ti) ndi vanadium, zomwe zonse pamodzi siziposa 0.22%. Zitatuzi zimagwirana ndi kaboni (C) ndi nayitrojeni (N) n'kupanga tinthu tolimba totchedwa carbonitride, monga Nb(C,N). Tina n'tochepera 10 nanomita (milimita imodzi ili ndi nanomita miliyoni imodzi), moti maikulosikopu wamba satitulutsa.

Kuti tinthuti tipangike kapena tisungunuke m'kati mwa chitsulo chikadali cholimba, zimatengera kutentha, monga shuga amasungunukira wambiri mu tiyi wotentha kusiyana ndi wozizira. Masana tawerengera ndi samu yomwe Irvine ndi anzake anafalitsa mu 1967: log[Nb][C + 12N/14] = 2.26 − 6770/T, pomwe T ndi kutentha, koyezedwa mu kelvin (K). Pepala lathu likuti C 0.07%, N 0.005%, Nb 0.05%, Ti 0.10%. Titanium ndiye amayamba kulanda nayitrojeni, magawo 3.42 pa gawo limodzi la nayitrojeni, choncho 0.017% yokha yamaliza nayitrojeni yense n'kupanga TiN (titanium wogwirana ndi nayitrojeni), ndipo wotsalayo adzagwira kaboni. Popeza nayitrojeni watha, kuchulukitsa 0.05 ya niobium ndi 0.07 ya kaboni kwapereka 0.0035, yomwe log yake ndi −2.46. Yankho latuluka 1435 K, kutanthauza pafupifupi 1160°C. Pansi pa pamenepo niobium sasungunuka yense. Pa 900°C wosungunuka ndi 0.004% chabe. Samuyi ndi yongoyerekeza, chifukwa masamu a akatswiri ena amasiyana nayo ndi madigiri makumi angapo, koma njira imene ikuloza ndi yoona.

N'chifukwa chake ku fakitale amatenthetsa chitsulo mpaka cha m'ma 1200°C kapena kupitirira asanayambe kuchipsinja. Chikamazizira uku chikupsinjidwa, Nb(C,N) imatuluka n'kutsekereza njere za m'kati mwa chitsulo chotentha, zotchedwa austenite, kuti zisapangikenso mwatsopano, ndipo njere zobadwa pambuyo pake chikamazizira, zotchedwa ferrite, zimakhala zing'onozing'ono kwambiri. Pochikulunga cha m'ma 600°C, tinthu ting'onoting'ono ta TiC (titanium wogwirana ndi kaboni) timatuluka mu ferrite n'kuwonjezera mphamvu. Moto wa gasi sungabwereze ndondomeko imeneyi.

Chitsulo chikafiira ndithu, ndiye kuti chafika cha m'ma 750 mpaka 800°C. Apa m'poipa, chifukwa kutenthako n'kochepa kuti kusungunule Nb(C,N), koma n'kokwanira kuti tinthu ting'onoting'ono tizitha uku tikuluto tikunenepa. Tikakula timatalikirana, ndipo sitigwiranso chitsulo. Njere nazonso zimasintha. Chikazizira chimaoneka bwinobwino, penti n'kupakidwa, koma malo owotchedwawo afooka ndipo ndi pomwe chidzapindikirenso lole ikasenza matumba a simenti. Muyezo wa EN 10149-2, womwe umalongosola zitsulo za mtundu umenewu, umachenjeza kuti kutenthetsa kopyola 580°C kungachepetse mphamvu. Pa 580°C masana dzuwa likuswa mtengo, chitsulo sichioneka kufiira n'komwe, ndiye diso si muyezo.

Madzulo ano mbali yopindika pang'ono yawongoledwa yozizira, ndi jeke ndi tcheni, pang'onopang'ono, chingwe chili chokokedwa kutalika kwa chasisi kuti tiziona kuwongoka. Pomwe pamafunika kutenthetsa, apaka choko choyezera kutentha cha 550°C pambali pa motowo, ndipo chikangosungunuka moto umachotsedwa. Madzi sanathirepo.

Pomwe panang'aluka padulidwa kuti palowe chigamba cha S700MC chomwechonso. Chitsulo wamba cha S275 pamenepa n'chosayenera, ngakhale chikhale chokhuthala mofanana. Powotcherera, kutentha kolowa kumawerengedwa chonchi: mavoti kuchulukitsa ndi ma ampeya ndi 60, kugawa ndi 1000 komanso ndi liwiro la mamilimita pa mphindi. Pa 24 V, 180 A ndi 300 mm pa mphindi, yankho ndi 0.86 kJ/mm (ma kilojoule pa milimita iliyonse ya msoko wowotcherera). Dzanja likamazengereza mpaka 150 mm pa mphindi, likhala 1.73 kJ/mm, ndipo dera lofewa m'mphepete mwa msoko limakula. Pafupi kwenikweni ndi msokowo Nb(C,N) ndi TiC zimasungunuka, n'kutsala TiN yokha kuletsa njere kukula. Choncho misoko ikhala yopyapyala ingapo yosanjikiza, osagwedeza dzanja uku ndi uku, ndipo uliwonse uzizire kaye winawo usanabwere.

Mawa m'mawa msoko udzayezedwa ndi mankhwala ofiira olowa m'ming'alu lole isanatuluke pa geti.